Kuyamba Geni Pakhomo Osadya Mpamba

Kabuku kano n'ka banja lomwe lapeza kandalama, kaya mwagawana masheya ku banki mkhonde, kaya mwagulitsa soya kapena mbuzi, ndipo mukufuna muyambe geni. Sikakusankhirani malonda, chifukwa chimene chikuyenda ku Ndirande sindicho chingayende ku Kabudula. Nkhani yake ndi ya kasamalidwe ka ndalama ya geni. Pa zaka zomwe ndakhala ndikucheza ndi magulu a amayi ndi abambo ochita malonda, mageni ambiri amene ndawaona akugwa sanagwere kumsika ayi. Anagwera kunyumba, pa ndiwo za madzulo, pa sopo, pa shuga amene alamu anatenga n'kunena kuti abweza mwezi ukatha.

Manambala a ndalama m'kabukuka ndi ongoyerekeza. Mitengo ikusintha sabata ndi sabata, choncho pamene pali nambala yanga inu muikepo ya kwanuko.

Yambani mwapita kumsika chimanjamanja

Musanaode kalikonse, pitani pamalo pomwe mukufuna kukhazika benchi, mukhalepo tsiku lathunthu opanda katundu. Mubwerenso pa tsiku la msika, ndiponso chapakati pa mwezi pamene malipiro atha m'matumba mwa anthu. Onani odutsapo ndi ndani. Ndi ana asukulu, akabaza, amayi ochokera kuchigayo kapena antchito oweruka? Amagula chiyani, nthawi yanji, ndipo amatulutsa zingati pakamodzi? Munthu wa K200 ndi munthu wa K5,000 safuna katundu wofanana. N'chifukwa chake m'makwalala a m'tauni mumapeza ufa wa m'timajumbo uja amati walkman, mafuta ophikira a m'timachubu ndi makala a timilu. Ogulitsawo anaona kuti anthu awo amagula za lero basi.

Tcherani khutu makamaka ku chinthu chomwe anthu akufunsa n'kuchisowa. Mukamva anthu atatu anayi akufunsa mazira pa okala n'kuuzidwa kuti atha, geni ndi imeneyo.

Matenda athu aakulu ndi kuonera. Mayi wina akayamba mandasi n'kuoneka wavala chitenje chatsopano, mwezi wotsatira mabeseni a mandasi adzadza pamphambano yomweyo, ogula ali omwe aja. Kuonera si mlandu. Koma ngati mukulowa malonda omwe ena ali kale, dzifunseni musanawononge ndalama kuti munthu asiye komwe amagula masiku onse, abwere kwa inu chifukwa chiyani. Yankho lake likhale logwirika. Mwina mudzafika mbandakucha ena asanadzuke, mwina mandasi anu adzakhala akadali otentha, mwina muli pakhomo pa sukulu pomwe enawo ali kutali. Zoti "ndidzatchipitsa" si yankho labwino, ndipo chifukwa chake tichiona tikafika pa dengu la tomato.

Sankhaninso chinthu chomwe manja anu akuchidziwa, kapena chomwe mungachiphunzire ndalama isanalowepo. Wofuna kuweta nkhuku zanyama ayambe wathandizako kwa mnzake woweta, adzionere yekha mmene anapiye amafunira moto usiku, nthawi ya katemera wa chitopa, ndi mmene chakudya chimamezera mbali yaikulu ya mpamba. Wofuna utelala, ukalipentala kapena kuwotcherera afunse za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA, kapena akhale miyezi ingapo pansi pa mmisiri wa m'dera lomwelo. Safunsa anadya phula.

Mpamba woyambira

Oda yoyamba ndi sukulu. Mudzalakwitsa ndithu, kaya pa mtundu wa katundu, kaya pa muyezo, kaya pa mtengo, ndiye kulakwitsako kukupezeni mwaikapo ndalama yochepa. Ngati muli ndi K100,000, odani za K50,000 kapena K60,000, yotsalayo ikhale yoimikira geni ikapunthwa. Wogula belo lathunthu la kaunjika tsiku loyamba amatha kulimasula n'kupeza majekete okhaokha mwezi wa Okutobala. Ndi bwino kuyamba mwasankha zidutswa pang'ono kwa omasula mabelo, muone zomwe anthu anu akukonda.

Pali zinthu zosayenera kusandutsa mpamba. Chimanga chakudya banja musagulitse, feteleza wa m'munda musagulitse, ndalama ya fizi isalowe pa oda. Geni yoyambira pa zimenezi imabweza ngongole kunyumba isanaimirire n'komwe.

Masamu a dengu limodzi la tomato

Ndinakhalapo pansi ndi mayi wina wogulitsa tomato amene ankalumbira kuti wina pamsikapo akumuchita chitaka. Malonda ankayenda, dengu linkatha masiku atatu, koma akati akaode china ndalama inkaperewera, mpaka kumapempha yoonjezera kwa bambo akunyumba. Tinatenga kope ndi cholembera n'kulondola dengu limodzi kuchokera komwe analioda mpaka mulu womaliza. Manambala ndawasintha, koma masamu ake ndi omwewo.

Dengu la tomato pamsika wa oda, tinene ku Lizulu kapena ku Bembeke: K40,000
Minibasi ya mwiniwake kupita ndi kubwera: K9,000
Kulipirira dengu m'galimoto: K3,000
Wonyamula kuchoka pa siteji: K1,000
Tikiti ya msika masiku atatu: K1,500
Majumbo: K1,500
Chakudya chamasana masiku atatu: K3,000
Zonse pamodzi: K59,000

M'dengumo munatuluka milu 140 ya K500. Mayiyo m'mutu mwake ankati 140 kuchulukitsa ndi 500 ndi K70,000, kuchotsapo K40,000 ya oda, phindu K30,000. Koma pansi pa dengu panali tomato wophwanyika wokwana milu 15, amene ankangomutaya. Basela woonjezera kwa ogula, m'modzi uyu awiri uyo, tinapeza kuti anakwana milu 8. Milu 5 inapita kunyumba kukakhala ya ndiwo. Yogulitsidwa inali milu 112, ndalama yake K56,000. Analowetsa K59,000, anatulutsa K56,000. Pa dengu lililonse ankaluza K3,000, atakhala padzuwa masiku atatu.

Anayang'ana kopelo nthawi yaitali, kenako anaseka yekha n'kunena kuti, "Ndiye kuti wachitakayo ndine ndemwe."

Tomato sanamusiye. Anangokonza zinthu zinayi. Anagwirizana ndi anzake awiri kuti azipita mmodzi kukaodera onse atatu mosinthana, ndiye minibasi inatsika kuchoka pa K9,000 kufika pa K3,000. Chakudya anayamba kunyamula kunyumba. Tomato wophwanyika ndi wofewa anayamba kumupatula m'mawa dengu likangofika, n'kumugulitsa theka la mtengo kwa ophika m'malesitilanti a pamsika, amene safuna wooneka bwino poti akukamukazinga pompo. Milu 15 ya K250 inabweretsa K3,750. Ndipo tomato wopita kunyumba anayamba kumulipira kuchokera pa ndalama ya ndiwo, ngati kasitomala wina aliyense, K2,500. Zolowetsa mu geni zinatsika kufika pa K50,000, zopeza zinakwera kufika pa K62,250. Phindu K12,250 pa dengu.

Pa masamuwa pali zinthu ziwiri zoti muzigwire. Choyamba, dziwani nambala ya katundu amene muyenera kugulitsa kuti mungobweza ndalama yanu. Apa ndi K50,000 kugawa ndi K500, milu 100. Kuyambira m'mawa wa tsiku loyamba mpaka mulu wa 100, ndalama yonse yolowa m'chikwama si yanu, ndi ya dengu lotsatira. Phindu limayambira pa mulu wa 101, ndipo mulu umenewo umafika tsiku lachitatu madzulo. Wodya ndalama ya tsiku loyamba ndiye amene timati wadya mpamba.

Chachiwiri ndi chija cha kutchipitsa. Mayiyu akanati atsitse mulu ndi K50 yokha kuti akope ogula a anzake, pa milu 112 akanataya K5,600, pafupifupi theka la phindu lake lonse. Kwa wogula K50 ndi kanthu kochepa, kwa wogulitsa ndi tsiku ndi theka la ntchito. Ndiponso anzanu apabenchi nawo atsitsa mawa lake, mutsale nonse pa mtengo wotsika ogula ali omwewo.

Masamu omwewa achiteni pa geni iliyonse. Wa mandasi awerengere ufa, shuga, yisiti, mafuta, nkhuni kapena makala, ndi mandasi amene ana amadya akamachoka pamoto. Wa kabaza awerengere matayala, unyolo ndi masipoko, ngakhale sagulidwa tsiku lililonse. Wa chiwaya asaiwale kuti kachewere akasendedwa amachepa. Pomaliza muyerekeze phindulo ndi ndalama yomwe mukanapeza pa ganyu masiku omwewo. Ngati ganyu ikuposa, geniyo ikufunika kukonzedwa kapena kusinthidwa.

Mtengo muziuyeza ndi oda ya mawa

Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Masiku otsatira, eni maokala ambiri anagulitsa shuga, sopo ndi mafuta pa mtengo wakale, akusangalala kuti katundu akuthamanga. Atapita kokapikula anapeza kuti ndalama ya makatoni atatu ikugula awiri. Palibe anawabera, komabe mashelefu anatsala ndi mipata.

Choncho poika mtengo musangoyang'ana zomwe munalipira dzulo. Imbani foni kwa amene mumaodako, mufunse mtengo wa lero, ndipo muwerengere pamenepo. Ogula adzadandaula, ena adzakunenani kuti ndinu wadyera. Auzeni chilungamo, kuti kooda kwakwera. Kumene kukweza mtengo kuli kovuta chifukwa cha ndalama zomwe anthu anazolowera kutulutsa, ochita malonda amachepetsa mulu kapena kukula kwa mandasi. Ndi njira yodziwika, koma ili ndi malire ake. Mandasi akafika pokhala ngati zibwente, anthu amasamuka osatsanzika.

Chikwama cha geni ndi chikwama cha pakhomo

Apa ndiye pagona nkhani. Ndalama ya geni ikhale ndi malo akeake, kaya kachitini, kaya kachikwama kena, kaya nambala yapadera ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Isagone pamodzi ndi ya ndiwo, ngakhale usiku umodzi. Ndalama zikasakanikirana pa mfundo ya chitenje sizidziwikanso kuti iyi ndi ya ndani.

Ena amati, "Nanga geniyo ndinayambira chiyani ngati sindingadyeko?" Funso labwino. Muzidyako ndithu, koma ngati wantchito wolandira malipiro, osati ngati mbuzi yolowa m'nkhokwe. Mukadziwa phindu la sabata, ligaweni. Gawo lina ndi malipiro anu, lopita pakhomo. Gawo lina libwerere ku mpamba kuti oda izikula, kapena kuti isachepe mitengo ikakwera. Gawo lina, ngakhale lochepetsetsa, lipite kosunga, likhale la tsiku lomwe mwana adzadwale kapena kukagwa maliro. Popanda gawo lachitatuli, vuto loyamba kugwa pakhomo limathamangira ku mpamba. Pa K12,250 ija mungati K7,000 pakhomo, K3,250 ku mpamba, K2,000 ku banki mkhonde. Magawidwe ake ndi anu, chachikulu n'choti akhale odziwika ndipo asamasinthe chifukwa pamsika padutsa nsomba yonona.

Zimenezi sizitheka ngati m'banja simunagwirizane. Bambo ndi mayi akhale pansi geni isanayambe, apangane kuti malipiro azituluka tsiku liti, angati, ndipo pakati pa sabata palibe wopisa dzanja m'chitini. Ndaonapo mageni a amayi akufa chifukwa bambo ataona kuti mayi ayamba kugwira ndalama anasiya kugula ndiwo, mtolo wonse wa pakhomo n'kugwera pa beseni la zitumbuwa. Ndaonaponso okala ya bambo ikutha chifukwa aliyense m'nyumbamo ankangolowa n'kutenga sopo, machesi ndi mabisiketi ngati akutenga m'kabati. Lamulo likhale limodzi kwa onse, kuti chotuluka m'geni chilipiridwe kapena chilembedwe, ngakhale wotengayo ndi mwini wake.

Ana athandize akaweruka kusukulu, n'kwabwino, amaphunzirapo kuwerengera chenje. Koma mwana asajombe kusukulu chifukwa cha beseni la mandasi, ndipo mtsikana asatumidwe kukagulitsa kumalo omwera mowa usiku.

Kope

Kope la ana asukulu la masamba 40 ndi lokwanira. Tsamba lililonse likhale la tsiku limodzi. Kumanzere lembani zomwe zatuluka m'chitini, ngakhale K100 ya madzi akumwa. Kumanja lembani zomwe zalowa. Pansi lembani zowonongeka ndi zopita kunyumba. Lembani nthawi yomweyo kapena madzulo omwewo, chifukwa za dzana mutu umaziphika mokomera mwini wake.

Kamodzi pa sabata, tsiku lomwe mwasankha, werengani katundu yense wotsala pa mtengo wooda, muphatikize ndi ndalama ya m'chitini ndi ya pafoni. Nambala yotulukayo ndiwo mpamba wanu lero. Iyerekezeni ndi ya sabata yatha. Ikamatsika masabata awiri otsatizana, pali pomwe pakudontha, ndipo kope likuonetsani.

Ngati kulemba kumakuvutani, musachite manyazi. Mwana wa Sitandade 6 angathe kukulemberani madzulo inu mukutchula. Ena amagwiritsa ntchito timizere ndi zizindikiro zawozawo ndipo zimayenda. Chofunika n'choti pakhale poonera pena posakhala m'mutu.

Ngongole ya alamu

Mlendo sakongola. Okongola ndi anthu anu, achibale, anzanu akutchalitchi kapena kumzikiti, oyandikana nawo nyumba, amene kuwakaniza kumawawa. Mayi wina wa okala anandionetsa tsamba la ngongole lomwe ndalama yake inkaposa katundu yense wa m'mashelefu. Mpamba wake unali m'makhitchini a anthu ena.

Kukana kuli ndi kayankhulidwe kake, ndipo ndi luso loyenera kuliphunzira ngati kuwerengera chenje.

"Alamu, tandipatsaniko shuga paketi imodzi ndi sopo, ndikuonani mwezi ukatha."

"Pepani alamu, katunduyu si wanga ndekha, muli ndalama ya gulu ndipo Lachisanu ndikukabweza. Ndikachotsapo ndisowa chonena. Koma dikirani, kunyumba kuli shuga pang'ono, ndikupungulireniko ana amwere tiyi."

Mwaona kuti alamu sanabwerere chimanjamanja, ndipo geni sinakhudzidwe. Chomwe mwapereka chachokera pa malipiro anu, ndi mphatso, simudzayenda kukachilonjerera. Kuthandiza achibale n'kofunika, ndife anthu, mawa ndife tidzagogode kwa iwo. Koma thandizolo lichokere m'chikwama cha pakhomo.

Pali malonda ena oti popanda ngongole sayenda, monga okala ya pafupi ndi nyumba za aphunzitsi kapena za achipatala amene amalandira pakutha pa mwezi. Pamenepo ikani malire. Munthu aliyense akhale ndi muyezo wosapitirira, ngongole zonse pamodzi zisapose gawo laling'ono la mpamba lomwe mungapirire litachedwa, yatsopano isatuluke yakale isanabwezedwe, ndipo wokongola aone ndi maso ake mukulemba dzina, tsiku ndi ndalama. Polonjerera pitani tsiku lomwe malipiro atuluka, osati patapita sabata.

Samalaninso ndi ndalama za pafoni. Uthenga wongokuonetsani pafoni ya wogula si ndalama. Onani pafoni yanu kuti yalowadi katundu asanachoke. Wina akaimba kuti wakutumizirani ndalama molakwitsa mumubwezere, musathamange, yambani mwaona ndalama yotsala mu akaunti yanu. Nambala yachinsinsi ndi yanu nokha, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa kukampani ya foni.

Wogula abwerenso mawa

Geni ya pamudzi imadalira anthu omwewo tsiku ndi tsiku, ndiye mbiri yanu ndi katundu wina. Mbale yoyezera yophwanyidwa pansi, sikelo yobera, tomato woola wobisidwa pansi pa mulu, usipa wa mchenga, zonsezi zimapindulitsa tsiku limodzi, mawa lake mudzi wonse wadziwa. Tsegulani nthawi imodzimodzi masiku onse kuti munthu asamayende ulendo wachabe. Konzani chenje m'mawa. Lonjerani wogula ngakhale wangofunsa mtengo n'kupita. Zakudya muzivundikire, madzi osamba m'manja akhale pafupi, ndipo dzanja logwira ndalama lisagwire mandasi. Basela ndi wabwino, amamanga chibale, koma azipita kwa wogula zambiri kapena wobwera masiku onse, ndipo muzidziwa kuti pa sabata akukwana zingati.

Kubwereka

Ngongole imakuza geni yomwe ikuyenda kale. Geni yomwe simunaiyese, kapena yomwe ikuluza, ngongole imangoifulumizitsa kumanda. Musanabwereke, kope lanu likhale litaonetsa phindu kwa miyezi ingapo, ndipo mudziwe chenicheni chomwe ndalamayo ikukagula.

Kwa mabanja ambiri khomo loyamba ndi banki mkhonde. Njira imeneyi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, n'kufalikira maiko ambiri kuphatikizapo kwathu kuno. Ubwino wake ngwoti chiwongoladzanja chomwe mumalipira chimatsalira m'gulu momwemo, n'kudzagawana chaka chikatha. Gulu loyenda bwino limakhala ndi malamulo olembedwa, bokosi la maloko atatu makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, ndalama zowerengedwa pamaso pa onse, ndi thumba lapadera la zadzidzidzi. Komabe chiwongoladzanja chake si chamasewera. Ngati gulu lanu limaika 20 peresenti pamwezi, K100,000 ikufuna K20,000 pamwamba mwezi umodzi. Funsani kope ngati ndalama yobwerekayo ibale zoposa pamenepo m'mwezi womwewo. Pa tomato kapena usipa, zomwe zimazungulira kangapo pamwezi, zingatheke. Pa nkhuku zofuna masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo musanagulitse, kapena pa mbewu zosunga kudikira mtengo, mudzayamba kubweza musanagulitse kanthu.

Chizolowezi china choopsa n'cholowa magulu atatu anayi, kubwereka uku kukabweza uko. Pamapeto pake ndi ziwiya za m'nyumba kulandidwa, ena mpaka kuthawa pamudzi. Gulu limodzi kapena awiri n'lokwanira. Chipereganyu nacho chimathandiza kupeza ndalama yochuluka pakamodzi popanda chiwongoladzanja, bola anthu ake akhale odziwana ndi okhulupirika.

Geni ikakula pali ma SACCO, omwe ambiri ali pansi pa MUSCCO, pali mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono, palinso thumba la boma la ngongole. Kulikonse funsani mafunso omwewa: ndibweza zingati zonse pamodzi, kangati pamwezi, kuyambira liti, chikole n'chiyani, ndipo ndikachedwa chichitike n'chiyani? Musasaine pepala lomwe simunalimve, pitani nalo kwa wodziwa kuwerenga amene mumamukhulupirira. Ndalama ya thumba la bomalo ndi ngongole, si mphatso ya boma, ndipo wokuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti dzina lanu lidutse msanga mumutalikire.

Za katapila sindichulutsa mawu. Ndi mageni ochepa amene angabale theka la mpamba wawo mwezi uliwonse kuti mudyetse wakatapila inu n'kutsalako ndi kanthu.

Za khonsolo ndi za boma

Wogulitsa pamsika amadula tikiti ya khonsolo tsiku lililonse. Landirani lisiti ndipo mulisunge. Okala, golosale, saluni kapena malo odyera zimafuna laisensi ya khonsolo ya boma lanu kapena ya mzinda, ndipo ogulitsa zakudya amayenderedwa ndi azaumoyo. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, ndipo amene analibe kena kosunga kapena malonda ena ogwirizira anakhala pansi.

Mukafuna kugulitsa katundu kusukulu, kuchipatala, kumabungwe kapena kutsegula akaunti ya bizinesi kubanki, mudzafunsidwa satifiketi yolembetsa dzina la bizinesi ku boma, ndi nambala ya msonkho yochokera ku MRA. Opanga chiponde, uchi wa m'mabotolo, mafuta ophikira, juwisi kapena sopo amene akufuna katundu wawo alowe m'masitolo akuluakulu ayenera kudutsa ku Malawi Bureau of Standards kuti ayezedwe. Wa beseni la zitumbuwa asadere nkhawa zonsezi lero. Koma amene geni yake yayamba kukula apite yekha ku maofesiwa akafunse, m'malo modalira anthu apakati omwe amalipiritsa kawiri.

Chaka chili ndi nyengo zake

Ndalama kumudzi imayenda ndi munda. Kuyambira Epulo mpaka chamu Ogasiti, anthu akakolola ndi kugulitsa fodya, soya, mtedza ndi nandolo, zovala, ziwiya, malata ndi njinga zimayenda. Sukulu zikamatsegulira chamu Seputembala ndi nthawi ya mayunifolomu, makope ndi nsapato. Disembala ali ndi Khirisimasi ndi kugawana masheya, nkhuku ndi mpunga zimathamanga. Kenako Januwale ndi Febuluwale, miyezi yomwe ndalama yapita ku feteleza ndi fizi, nkhokwe zapepuka, ndipo aliyense wobwera pa okala akufuna ngongole. Mageni ambiri amafera m'miyezi iwiri imeneyi, chifukwa malonda achepa pomwe pakhomo pakufunika zambiri.

Konzekerani kukadali kokolola. Pa miyezi yonona onjezerani gawo losunga, ndipo chimanga cha banja chikhale chokwanira kufika Malichi kuti njala isadzalowe m'chitini cha geni. Mvula ikayamba chepetsani oda ya zinthu zomwe munthu angadikire, mutsale ndi zomwe sangagone osagula, monga mchere, sopo, machesi, ufa ndi ndiwo zotsika mtengo. Ngati mukupita kumunda m'mawa, panganani za amene akhale pa geni, ndipo chitini ndi kope muziwerengera limodzi posinthana.

Mayi wa tomato uja nthawi ya dzinja amaoda theka la dengu, poti tomato amakwera mtengo ndiponso sachedwa kuola ndi chinyezi. Ndalama yotsalayo amaodera bonya ndi nyemba, zomwe zimatha kukhala pabenchi sabata yathunthu osawonongeka, ndipo dengu lathunthu amalibwerera mvula ikasiya.